Mmene mungayendetsere msasa wa anthu amene napolo ndi madzi osefukira zawasamutsa

Mvula ya namondwe wa Freddy itagwa mosalekeza pa 12 ndi pa 13 Malichi 2023, ife okhala m'tsinde mwa phiri la Mulanje tinamva phiri likulindima usiku, miyala ikugubuduzika m'makwawa amene masiku onse mumangoyenda timadzi ta m'mapazi. Pa 13 Malichi Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analengeza kuti tsoka lagwa m'maboma a kummwera, kuphatikizapo Mulanje, Thyolo ndi Phalombe, ndipo m'masabata otsatira nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA inawerenga anthu oposa 650,000 amene anasiya nyumba zawo, komanso misasa yoposa 700. Yambiri mwa misasayi inali masukulu ndi matchalitchi, ndipo amene anaiyendetsa masiku oyambirira, misewu ili yoduka, anali aphunzitsi, mafumu, alangizi a zaumoyo, akuluampingo ndi mamembala a makomiti a m'midzi oona za ngozi, amene ambiri timawatchula kuti VCPC. Ine ndinali mmodzi wa anthu amenewa pasukulu ina ya pulayimale cha kumalire a Muloza, ndipo ndikulembera munthu amene tsiku lina adzapezeka atagwira makiyi a makalasi, anthu onyowa atadzaza pakhonde.

Ntchito yonse ya msasa imatsamira pa kudziwa zoona ndi kuzinena poyera: amene ali mumsasa ndi angati ndipo ndi ndani, chimene chafika n'chiyani, chapita kwa yani, ndipo chikusowa n'chiyani. Mikangano yambiri imene ndinaiona, komanso matenda ndi manyazi amene anthu ena anakumana nawo, zinayambira pamene chimodzi mwa zinthu zimenezi sichinadziwike kapena chinabisidwa.

Usiku woyamba

Musanatsegule chitseko chilichonse, yang'anani malowo ndi maso a munthu amene akudziwa kuti mvula ikhoza kubweranso. Sukulu imene ili m'khwawa, m'mphepete mwa mtsinje monga Ruo, Lichenya kapena Thuchila, kapena pansi penipeni pa malo otsetsereka amene nthaka yayamba kung'ambika, si malo oti n'kusonkhanitsirapo anthu ngakhale makoma ake atakhala a simenti. Akuluakulu amene anaona napolo wa ku Phalombe mu Malichi 1991 amadziwa njira zimene madzi ndi miyala zinadutsa, ndipo ndi bwino kuwafunsa. Mukakhutira ndi malowo, gawani zipinda usiku womwewo: amayi, atsikana ndi ana aang'ono kwaokha, abambo ndi anyamata kwaokha, ndipo okalamba, olumala ndi amayi oyembekezera muwapatse chipinda choyandikira chimbudzi chimene chilibe masitepe ambiri. Mabuku, mabenchi ndi zipangizo za sukulu muzisonkhanitse m'chipinda chimodzi chokhoma, aphunzitsi aakulu akuona, chifukwa nkhuni zikasowa benchi limasanduka nkhuni.

Miyezo imene mabungwe othandiza anthu pa ngozi amatsata padziko lonse, yolembedwa m'buku lotchedwa Sphere, imati munthu mmodzi apeze malo ofoleredwa osachepera masikweya mita 3.5. Kalasi ya mamita 8 mulitali ndi 7 mulifupi ndiye kuti ndi ya anthu 16. Aliyense amene anakhalapo mumsasa akudziwa kuti usiku woyamba m'chipinda chotero mumagona anthu ochuluka kangapo kuposa pamenepa, ndipo simungawathamangitse. Phindu la muyezowu ndi lakuti umakupatsani nambala yolemba popempha matenti ndi malona, m'malo mongonena kuti anthu athithikana.

Kaundula

M'mawa wa tsiku loyamba, musanayambe nkhani ya ufa, tengani makope ndi zolembera ndipo mulembe anthu. Lembani banja ndi banja, chipinda ndi chipinda, anthu ali pamalo pamene anagona. Musawaitanire pamzere panja, pakuti pamzere pamafika amphamvu okha komanso anthu a m'midzi yoyandikana amene amva kuti kukulembedwa mayina. Pa banja lililonse lembani dzina la woyang'anira banjalo, mudzi ndi gulupu kumene achokera, chiwerengero cha amuna ndi akazi, ana osakwana zaka zisanu, ana a sukulu, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, okalamba, olumala, ndi amene amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku. Za mankhwalazi musafunse pagulu, ndipo musalembe dzina la matenda m'kope limene aliyense angalitsegule; ikani kachizindikiro kokha, ndipo mlangizi wa zaumoyo akacheze ndi munthuyo payekha.

Kuno kwathu, kumene mabanja ambiri ndi a chikamwini ndipo mayi ndiye amadziwa mphika ndi ana, ndimalangiza kuti banja lilembedwe m'dzina la mayi ngati alipo. Zimathandizanso pa mitala, chifukwa mayi aliyense ndi ana ake amawerengedwa ngati banja palokha, ndipo palibe amene amadikira kuti bambo agawe thumba limodzi pawiri. Chiphaso cha unzika chithandize pamene chilipo, koma musabweze munthu chifukwa alibe, popeza ambiri ziphaso zawo zinapita ndi madzi pamodzi ndi mabuku a kuchipatala. Umboni wa nyakwawa ndi wa anthu awiri a m'mudzi mwake ndi wokwanira.

Tsiku lachitatu ndikuzungulira madzulo ndinapeza mayi wina wokalamba atakhala kuseri kwa kalasi ndi ana atatu atafunda chitenje chimodzi. Nditafunsa kuti, "Agogo, kodi munalembetsa?" anandiyankha kuti, "Mwanangu, ine ndimayesa akulemba okhala ndi mabanja. Awa ndi adzukulu, mayi wawo sitinamuone chichokereni usiku uja." Anali atagona masiku awiri osalandira kanthu, akudya zimene anzawo amawagawirako, ndipo cholakwa chinali chathu chifukwa tinalemba m'zipinda mokha osayang'ana m'makonde ndi kuseri. Kuyambira tsiku limenelo tinkayenda ndi kaundula madzulo alionse. Inunso muchite chimodzimodzi, pakuti anthu amafika mochedwa, ena amabwerera kukayang'ana zotsala, ana amabadwa, ndipo ena amamwalira.

Padzakhala anthu amene nyumba zawo zinagwa koma akugona kwa abale m'mudzi. Amenewa alinso pamavuto, ndipo mukawakana kotheratu adzasamukira mumsasa kuti alandire nawo, zimene zimangowonjezera kuthithikana. Alembeni m'kope lachiwiri, ndipo mupereke mayina awo ku komiti yoona za ngozi ya dera la mfumu yaikulu kuti thandizo liwapeze komwe ali. Chiwerengero cha tsiku lililonse, chopanda mayina, muchilembe ndi choko pabolodi loimika panja kuti aliyense wolowa achione. Adzakuuzani ena kuti muwonjezereko mayina kuti thandizo libwere lambiri. Musavomere, ngakhale wonenayo atakhala mfumu imene mumailemekeza, chifukwa mabungwe amabwera kudzawerenga okha, ndipo akapeza kusiyana amayamba kukayikira chilichonse chimene mudzalembe pambuyo pake, ngakhale chokhudza mwana wodwala.

Komiti ya msasa

Musayendetse msasa nokha. Pofika tsiku lachiwiri itanitsani msonkhano, ndipo anthu okhala mumsasamo asankhe komiti yawo, theka akhale amayi, mukhalenso wachinyamata, wokalamba ndi munthu wolumala. Ngati mumsasa muli anthu a midzi ingapo, mudzi uliwonse ukhale ndi woimirira, apo ayi mudzamva kuti a mudzi wakutiwakuti akudyera okha. Mafumu apatsidwe ulemu wawo monga alangizi ndi oweruza milandu ya pakati pa mabanja, koma makiyi a chipinda chosungira katundu asakhale ndi mfumu, kapena wandale, kapena munthu mmodzi aliyense. Ikani maloko awiri pachitsekocho, kiyi wina asunge mayi wa m'komiti, wina asunge mphunzitsi kapena membala wa VCPC. Pansi pa komiti pakhale timagulu toona za ukhondo, za chakudya, za chitetezo ndi za ana, ndipo ntchito zizisinthana kuti amayi omwewo asamatope ndi kusesa tsiku ndi tsiku pamene abambo akhala pansi pa mtengo. Malamulo a msasa, monga nthawi yozimitsa moto, kuletsa mowa ndi kuletsa amuna kulowa m'zipinda za amayi, agwirizanidwe pamsonkhano ndipo awerengedwe mokweza m'Chichewa, komanso m'Chilomwe ngati pali achikulire amene amamva bwino chimenecho.

Madzi ndi zimbudzi

Apa ndi pamene pamafera anthu amene anapulumuka ku napolo. Freddy anatipeza tili kale mkati mwa mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 ndipo unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, choncho palibe woyendetsa msasa amene angatenge nkhani ya chimbudzi ngati yachiwiri. Muyezo wa Sphere umati munthu aliyense apeze madzi osachepera malita 15 patsiku akumwa, kuphikira ndi kusamba. Tiyerekeze kuti mumsasa wanu muli anthu 600: akufunika malita 9,000, amene ndi ndowa 450 za malita 20 tsiku lililonse. Mjigo umodzi umayenera kutumikira anthu osapitirira 500, ndipo pamsasa wa sukulu mjigo womwewo amatunganso anthu a m'mudzi, kotero gwirizanani ndi komiti ya mjigo za nthawi yotunga mkangano usanabuke.

Madzi osefukira akadutsa, musakhulupirire chitsime chilichonse, ngakhale mjigo, chifukwa zimbudzi za m'midzi zimakhala zitagumukira m'nthaka yomweyo. Madzi onse akumwa athiridwe kulorini. Mlangizi wa zaumoyo ndiye amadziwa kusungunula mankhwalawa ndi mlingo wothira m'ndowa, ndipo njira imene inatithandiza ife inali kuika munthu pamjigo pomwepo kuti azithira m'ndowa iliyonse isananyamulidwe, ndi kuuza mwini ndowa kuti adikire mphindi 30 asanamwe. Ena adzadandaula za fungo ndi kukoma kwake, ndipo mudzafunika kumwa madziwo inu eni pamaso pawo. Madzi akumwa asungidwe m'ndowa zovindikira, ndipo kapu yotungira ikhale ina, yomwera ina.

Masiku oyambirira chimbudzi chimodzi chikhoza kutumikira anthu 50, koma cholinga chikhale chimodzi pa anthu 20. Kwa anthu 600 aja, ndiye zimbudzi 12 poyamba ndi 30 pambuyo pake, ndipo zimbudzi za sukulu zimadzadza msanga chifukwa zinamangidwira ana obwera m'mawa n'kumapita masana. Yambani kukumba zina tsiku lachiwiri. Dzenje likhale mamita osachepera 30 kuchokera pamjigo kapena pachitsime, kumunsi kwake, ndipo pansi pa dzenjelo pakhale pamwamba pa madzi a m'nthaka ndi mita imodzi ndi theka. M'madera a kuchidikha, nthawi ya dzinja, mukhoza kukumana ndi madzi mutangokumba pang'ono; zikatero kumbani ngalande zosaya zimene muzikwirira ndi dothi tsiku ndi tsiku, kapena muunjike dothi kuti chimbudzi chikwere, ndipo mudziwitse a zaumoyo msanga. Zimbudzi za amayi zitalikirane ndi za abambo, zikhale ndi chitseko chotsekeka mkati ndi nyali usiku, ndipo zisapitirire mamita 50 kuchokera pogona, chifukwa mayi amene akuopa mdima amakadzithandiza kuseri kwa kalasi, ndipo sitingamudzudzule. Pakhomo pa chimbudzi chilichonse pakhale mpondagiya wokhala ndi sopo, kapena phulusa ngati sopo palibe. Chimbudzi cha ana aang'ono chitayidwe m'dzenje nthawi yomweyo, pakuti chikhulupiriro chakuti cha mwana sichidwalitsa ndi chabodza.

Mangani mabafa a amayi otchingidwa bwino ndi malo obisika ochapira ndi kuyanika nsalu zimene amagwiritsa ntchito akakhala kumwezi. Abambo a m'komiti sadzakumbukira zimenezi, ndipo atsikana sadzazinena pamsonkhano, choncho mayi wa m'komiti aziwafunsa paokha ndi kulemba mapadi, sopo ndi zitenje pamndandanda wa zopempha.

Munthu akayamba kutsekula m'mimba kwamadzimadzi, makamaka ngati chimbudzi chake chikuoneka ngati madzi otsukira mpunga, mumpatule kwa anzake, muyambe kumumwetsa Thanzi ORS wosungunula paketi imodzi m'lita imodzi ya madzi otetezedwa, ndipo mumutumize kuchipatala osadikira kuti kuche. Kolera ikhoza kupha munthu wamkulu m'maola ochepa. Dziwiranitu njira imene ikudutsika yopitira kuchipatala chaching'ono choyandikira, kuchipatala cha boma pa Mulanje kapena ku Mulanje Mission, ndipo mugwirizane ndi a njinga zamoto awiri kapena atatu amene angadzuke usiku.

Chakudya ndi kagawidwe kake

Munthu amafunika chakudya chopatsa mphamvu zokwana makalori 2,100 patsiku, ndipo pa mlingo umenewu ufa wokha umakhala pafupifupi magalamu 400, kuwonjezera nyemba kapena nandolo, mafuta ophikira ndi mchere. Thumba la makilogalamu 50 ndiye kuti limadyetsa anthu 125 tsiku limodzi, ndipo anthu 600 amamaliza matumba pafupifupi asanu patsiku. Kudziwa masamu amenewa kumakuthandizani kuti munthu wakufuna kwabwino akabwera ndi matumba 20 muthokoze ndi mtima wonse, koma mudziwe kuti chimenecho ndi chakudya cha masiku anayi, ndipo pempho lotsatira lipite lero. Masiku oyambirira, pamene mabanja alibe mapoto ndi mbale, kuphikira pamodzi n'kosapeweka, koma ziwiya zikangopezeka lolani banja lililonse liziphika lokha, chifukwa mayi akamaphikira ana ake amayamba kudzimva kuti akadali mwini banja. Malo ophikira akhale amodzi, kutali ndi matenti, ndipo ana osakwana zaka zisanu ndi amayi oyembekezera azilandira phala, la Likuni ngati lilipo, akuluakulu asanadye.

Cholakwa changa chachikulu chinachitika madzulo ena pamene galimoto ya bungwe lina inafika dzuwa litalowa, dalaivala akufulumira kubwerera mtsinje usanadzadze. Ndinalola kuti tigawe pompo, ndi kuwala kwa matochi a m'mafoni. Anthu a m'midzi yoyandikana anathamangira, mzere unasweka, thumba lina linang'ambika ufa n'kumwazika m'matope, ndipo mayi wina wobereka mwana kumsana anagwetsedwa. M'mawa mwake mabanja angapo anali asanalandire kanthu, ndipo sindikanatha kufotokoza kumene matumba ena anapita. Katundu akafika usiku, muwerengeni pamaso pa komiti, dalaivala asayine, mukhome, ndipo mugawe kukacha.

Pogawa, lembani kaye pabolodi chimene chafika, amene wapereka, ndi mlingo umene banja lililonse lilandire, kuti mayi adziwe chimene akuyenera kutenga asanafike patebulo. Itanani mayina kuchokera m'kaundula, mudzi ndi mudzi, ena onse atakhala pansi chapatali. Okalamba, olumala ndi oyembekezera ayambe, ndipo pakhale achinyamata odalirika owanyamulira. Mlingo utsate kukula kwa banja, pakuti kupereka thumba limodzi kwa munthu wokhala yekha ndi limodzinso kwa mayi wa ana asanu ndi awiri kumaoneka ngati chilungamo pamaso pokha. Wolandira asayine kapena adinde chala. Ngati katundu ndi wochepa, monga mabulangete 50 pa mabanja 140, komiti igwirizane poyera za amene ayambe, ndipo otsala alembedwe kuti ulendo wotsatira adzayambire pa iwo. Thandizo likabwera ngati ndalama za pafoni kudzera ku Airtel Money kapena TNM Mpamba, chenjezani achikulire kuti asapereke nambala yawo yachinsinsi kwa aliyense.

Kuteteza amayi, ana ndi ena osatetezeka

Lengezani pamsonkhano uliwonse kuti thandizo ndi laulere, ndipo palibe munthu, kaya wa m'komiti, mfumu, wogwira ntchito m'boma kapena wa bungwe, amene ali ndi ufulu wopempha ndalama, gawo la ufa kapena thupi la mayi kuti amulembe dzina. Sankhani amayi awiri okhwima maganizo ndi osunga chinsinsi amene wochitiridwa nkhanza angawafikire, ndipo amayiwa adziwe njira ya ku Victim Support Unit ya apolisi, ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, ndi manambala aulere a 116 pa nkhani za ana ndi 5600 pa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi. Wogwiriridwa afike kuchipatala asanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV. Mlandu wogwirira si wokambirana pabwalo la mfumu kapena kulipitsa nkhuku ndi mbuzi. Ndi wa apolisi.

Mwana amene wapezeka wopanda kholo alembedwe tsiku lomwelo ndi zonse zimene akukumbukira, asungidwe ndi banja la m'mudzi mwake limene akulidziwa, ndipo a Malawi Red Cross ndi a chisamaliro cha anthu adziwitsidwe kuti afufuze abale. Musamupereke kwa mlendo aliyense wonena kuti ndi malume ake popanda umboni. Atsikana a sukulu amakhala pangozi yokwatiwitsidwa msanga pamene makolo asowa chowadyetsa, ndipo malamulo a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Anthu achialubino agone m'kati mwa chipinda pakati pa abale awo, ndipo alonda a msasa adziwe za iwo mwakachetechete.

Odwala matenda a mgonagona amavutika mosaonekera. Amene amamwa ma ARV, mankhwala a TB, a BP, a shuga kapena a khunyu ndipo botolo linapita ndi madzi sanganene pagulu, choncho mlangizi wa zaumoyo awafufuze m'masiku awiri oyambirira. Pemphani chipatala choyendayenda kuti sikelo ya ana ndi ya amayi isaduke komanso katemera wa chikuku aperekedwe, pakuti chikuku chimafala msanga pamene ana athithikana. Ana ayezedwe pamkono ndi kalamba koyezera kunyentchera: wosakwana masentimita 11.5, kapena wotupa mapazi onse awiri, apite kuchipatala kuti akalandire chiponde. Maneti apachikidwe ngakhale m'kalasi, chifukwa madzi akadikha malungo amatsatira.

Kulumikizana ndi khonsolo ndi mabungwe

Malipoti amayenda kuchokera ku komiti ya m'mudzi kupita ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, kenako ku komiti ya boma imene amatsogolera ndi bwanamkubwa, ndipo kuchokera kumeneko amafika ku DoDMA. Dongosololi linayamba ndi lamulo la 1991, ndipo Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano loona za ngozi mu 2023, Freddy atangodutsa. Pa boma, ntchito zimagawidwa m'magulu monga la chakudya, la zaumoyo, la madzi ndi ukhondo, la malo ogona, la chitetezo ndi la maphunziro, ndipo m'magulu amenewa maofesi a boma amakhala pamodzi ndi mabungwe monga WFP, UNICEF ndi Red Cross. Lipoti lanu likhale lalifupi, la tsiku ndi tsiku, ndiponso la manambala: anthu angati, zimbudzi zingati, chakudya chatsala cha masiku angati, odwala angati, msewu uti ukudutsika. Uthenga wa pa WhatsApp wonena kuti zimbudzi zogwira ntchito zatsala zinayi pa anthu 600 umayankhidwa msanga kuposa wonena kuti zinthu zafika poipa. Sungani foni imodzi ya msasa yokhala ndi moto nthawi zonse, ngakhale pakhale potchaja ndi kasola kakang'ono.

Mlendo aliyense wobwera ndi thandizo kapena mafunso asayine m'buku la alendo, alembe bungwe lake, chimene wabweretsa ndi chimene walonjeza. Bukuli lidzakuthandizani kuuza bungwe lachitatu lobwera ndi ndowa kuti ndowa zakwana, chimene chikusowa ndi sopo ndi malona, komanso kukumbutsa amene analonjeza n'kuiwala. Misasa ya m'mphepete mwa msewu wa tala imalandira kawirikawiri pamene ya kuseri kwa mitsinje yoduka milatho imakhala masiku osaona galimoto, ndipo ngati wanu uli pamsewu, kulozera opereka thandizo kwa anzanu amenewo ndi mbali ya ntchito yanu. Wojambula zithunzi apemphe kaye chilolezo kwa amene akuwajambula, ndipo wandale wobwera ndi thandizo alandiridwe mwaulemu, koma katundu wake adutse m'kaundula ngati wa wina aliyense. Musaiwale mudzi umene wakulandirani: mjigo, nkhuni ndi sukulu ndi zawo, ndipo nyakwawa ya pamalopo iziitanidwa kumisonkhano.

Abale ochokera kutsidya kwa malire

Ife a kumalire timadziwa kuti madzi a Ruo sasankha mbali, ndipo anthu a ku Milange, ku Mozambique, ndi midzi yozungulira akhoza kuthawira kuno. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha ndi pangano la mtendere la ku Rome mu 1992, dziko la Malawi linasunga othawa kwawo oposa 1 miliyoni, ndipo Mulanje linali limodzi mwa maboma amene anawalandira. Zinachitikanso mu 2016 pamene msasa wa Luwani ku Neno unatsegulidwanso, komanso kumapeto kwa 2024 pamene anthu ambiri anawolokera ku Nsanje chifukwa cha zipolowe za pambuyo pa chisankho cha ku Mozambique. Wothawa madzi apatsidwe pogona, madzi ndi chakudya ngati wina aliyense, ndipo m'kaundula mulembe kumene wachokera kuti bwanamkubwa adziwe. Wothawa nkhondo kapena chizunzo nkhani yake imayendetsedwa ndi lamulo la othawa kwawo la 1989, kudzera ku nthambi ya boma yoona za othawa kwawo mothandizana ndi UNHCR, bungwe la United Nations loona za othawa kwawo, ndipo ambiri ovomerezedwa amakhala ku Dzaleka m'boma la Dowa, msasa umene unatsegulidwa mu 1994 ndipo tsopano muli anthu oposa 50,000. Si udindo wa komiti ya msasa kugamula ngati munthu ndi wothawa kwawo weniweni, ndipo n'koletsedwa kumubweza kumene moyo wake uli pangozi. Udindo wanu ndi kumusunga bwino ndi kudziwitsa bwanamkubwa, apolisi ndi a zolowa ndi kutuluka.

Kutseka msasa

Yambani kukamba za kutseka msasa sabata yoyamba, chifukwa ana a sukuluyo akufuna makalasi awo, ndipo kukhalitsa mumsasa kumafooketsa mabanja. Ngati anthu sangachoke msanga, pemphani matenti kuti asamukire pabwalo kapena pamalo ena amene mfumu yapereka, maphunziro ayambirenso. Funsani banja lililonse palokha chimene likulepheretsa kubwerera. Ena akungofuna lona, mapolo, misomali ndi ziwiya. Ena akufuna mbewu zocha msanga, mbatata ndi chinangwa kuti adzale m'madimba chinyontho chisanathe. Koma ena malo awo enieniwo anakwiririka ndi miyala ndi mchenga, ndipo kuwauza kuti abwerere ndi kuwabwezera m'njira ya napolo. Kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo, kumene malo ambiri abwino ali pansi pa tiyi ndipo minda ya m'midzi ndi timagawo ting'onoting'ono, kupeza malo atsopano ndi nkhani yovuta imene iyenera kupita kwa mfumu yaikulu ndi bwanamkubwa msanga, mayina a mabanjawo atalembedwa, ndipo amayi, amene m'chikamwini ndiwo eni malo, akhalepo pokambirana. Tsiku lotseka lilengezedwe pasadakhale, ndipo chakudya chisadulidwe ngati njira yothamangitsira anthu.

Anthu akachoka, zimbudzi zongoyembekezera zikwiriridwe ndi kuikidwa chizindikiro kuti ana asagweremo, za sukulu zimene zadzadza zilembedwe m'lipoti kuti zikonzedwe, makalasi atsukidwe ndi madzi a kulorini, ndipo mabenchi awerengedwe pamodzi ndi aphunzitsi aakulu. Katundu wotsala agawidwe poyera kapena abwezedwe ku komiti ya dera ndi chikalata chimene chasayinidwa. Mzere womaliza wa kaundula ulembedwe tsiku limene banja likunyamuka: lapita kuti, kwa yani, ndipo likusowabe chiyani. Kope limodzi lipite ku khonsolo, lina lisungidwe ndi komiti ya m'mudzi m'pepala la pulasitiki pamalo okwera, kuti a zaumoyo ndi a chisamaliro cha anthu akafuna kutsatira mayi woyembekezera uja, kapena agogo aja ndi adzukulu awo atatu, adziwe mudzi woyambira kufunsa.